Mawu a Amayi pa Kashelefu ka Zione

Zione anayamba kulemba pa intaneti chaka chija sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Anali mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kupitirira Nsaru, pa msewu wopita ku Kabudula, ndipo kukhala pakhomo osagwira choko kunkamuyabwa m'manja. Mlongo wake wamng'ono, Ronald, amene ankakonza makompyuta ku Joni, ndiye anamutsegulira bulogu.

"Asisi, inu mukayamba kulankhula pa foni simutha, mayunitsi anga amathera inu," anatero Ronald. "Zinazo muzilemba, ine ndiziwerenga ndikaweruka."

Sukulu zitatsegulidwa, Zione sanasiye. Ankalemba m'Chichewa chilichonse chimene chamukhala pamtima sabata imeneyo: mtedza umene unamera m'munda chifukwa cha mvula yochedwa kusiya, ana obwera kusukulu atanyowa mpaka m'chiuno, mkangano wa akabaza ndi oyendetsa njinga zamoto pa Nsaru. Owerenga sanali ambiri. Anali aphunzitsi anzake, ndi ana a kuderako amene anapita kukakhala kutauni kapena kunja ndipo ankafuna kumva fungo la kwawo.

Tsiku lina Ronald anaimba foni ali ndi chimwemwe cha munthu amene wagwira mbewa yonona.

"Ndakuikirani pulagini pa bulogu paja."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Ndi kachipangizo kowonjezera. Kamawerenga zimene mwalemba, kenako kamapita ku sitolo ina yaikulu ya pa intaneti n'kukasankha mabuku, nyimbo ndi mafilimu ogwirizana ndi nkhani yanuyo. Kakatero kamaziyala pansi pa nkhaniyo. Wina akadina n'kugula, inunso mumapezako kangachepe ka sopo."

Zione atatsegula, anaonadi tizithunzi titandandalikana m'munsi mwa nkhani iliyonse ngati mabuku pa thabwa. Dzina loti pulagini linamukanika kukoma m'kamwa, choncho anangokatcha kashelefu.

Kashelefuko kanali kakhama, koma nzeru kanalibe. Zione akalemba za kukumba mtedza, iko kankabweretsa mabuku a azungu ophunzitsa kuphika makeke a chiponde. Atalemba za kabaza, kanayala mabuku a anthu ovala zothina opikisana pa njinga m'mapiri a kunja. Aphunzitsi anzake ankatsegula bulogu pa nthawi yopuma kuti angoona chimene kashelefu katola lero, n'kumaseka mpaka belu kulira. Wogula ndiye panalibe ndi mmodzi yemwe.

Loweruka lililonse Zione ankapalasa njinga kupita kumudzi kukaona bambo ake, a Nasoni. Iwo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, ndipo chimwalirireni akazi awo, a Bertha, ankakhala okha, kulima fodya pang'ono ndi mtedza. Zione atawaonetsa kashelefu kaja, anavala magalasi, kuyang'anitsitsa, n'kubweza foni.

"Sitolo yopanda mwini wake woti umupatse moni," anatero. "Zanu zimenezo."

Mu Febuluwale wa chaka chotsatira, amayi a Chigwirizano anaimba m'tchalitchi nyimbo ina yakale imene Zione anali asanaimve kwa nthawi yaitali. Inali nyimbo imene mayi ake ankatsogolera. Atabwerera kusukulu madzulo a Lamulungu, anakhala pa khonde n'kulemba za iwo: mmene ankachapira bulauzi yoyera Loweruka n'kuiyanika payokha, mmene ankayambira nyimbo ali maso chotseka, mmene anthu a m'midzi ina ankafunsira pa maliro ngati a Bertha abwera. Anatchula dzina la mpingo wawo ndi la mudzi. Pomaliza analemba kuti pakhomo pawo pali zithunzi ziwiri za mayi ake, koma mawu awo palibe pamene anasungidwa, ndipo iye wayamba kuwaiwala.

M'mawa mwake, pa nthawi yopuma, anatsegula kuti aone ngati wina wayankhapo. Pansi pa nkhaniyo kashelefu kanali katayala zinthu zake monga mwa masiku onse. Choyamba linali buku la Chingerezi lophunzitsa kutsogolera kwaya. Chachiwiri chinali chimbale cha nyimbo za ku dziko lina. Pa chachitatu chala chake chinaima.

Chinali chithunzi cha amayi ovala mabulauzi oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, ataima mizere iwiri. Kumbuyo kwawo kunali tchalitchi cha njerwa zootcha chokhala ndi mawindo opanda magalasi, ndipo pambali pake panali mtengo wa mbawa wopendekera kumanzere. Tchalitchi chimenecho chinagwetsedwa Zione ali ku sekondale, pamene mpingo unamanga chatsopano, koma mtengowo unalipobe. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Mu mzere wakutsogolo, wachitatu kuchokera kumanja, munali mayi wina wocheperapo msinkhu kuposa mmene Zione analili tsopano, akuyang'ana pambali ngati wina wamuitana. Paphewa pake pankaoneka kamutu ka mwana wobereka kumbuyo.

Zione anatuluka m'chipinda cha aphunzitsi n'kukaima kuseri kwa kalasi kumene netiweki inkagwira bwino. Pansi pa chithunzicho panalembedwa m'Chingerezi kuti ndi nyimbo za amayi a m'chigawo chapakati cha Malawi, zojambulidwa mu 1995, oimba osadziwika. Nyimbo iliyonse inali ndi kabatani komvetsera kachidutswa. Anadina koyamba.

Kunamveka kaye phokoso la mphepo ndi tambala kulira patali. Kenako mawu amodzi, okwera, osanjenjemera:

"Ndadzala m'mawa, Mbuye, madzulo ndikudikira,
munda ndi wanu, mbewu ndi yanu, mvula ndi ya..."

Pamenepo nyimbo inaduka. Sitoloyo inkangolawitsa, wofuna yonse ankayenera kugula.

Belu linalira. Zione anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukaphunzitsa masamu a tizigawo, ndipo ana anadabwa kuona madamu akulakwitsa pa bolodi kawiri konse n'kudzikonza okha akumwetulira.

Madzulo anamuimbira Ronald. Poyamba mnyamatayo ankaganiza kuti mlongo wake wasokoneza, koma atatsegula yekha anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Kamutu kapapheweko ndi ndani?" anafunsa.

"Ndiwe. Akanakhala ndani? Makutu akewo sukuwaona?"

Ronald anaseka, koma kusekako kunathera m'mphuno. Anati ayesa kugula chimbale chonse ndi khadi lake la ku banki, ngakhale sitoloyo imavuta kwa anthu a mayiko a kuno, ndipo zikatheka atumiza. Kenako anafunsa funso limene Zione ankaliopa.

"Ababa mwawauza?"

"Ayi. Sindikudziwa ndiyambira pati."

Chichitikireni maliro, a Nasoni sankatchula dzina la akazi awo. Sankadandaula, sankalira pagulu. Amayi a Chigwirizano akaimirira kuti aimbe, iwo ankangoweramitsa mutu n'kumatembenuza chipewa m'manja mpaka nyimbo kutha. Zione anakhala sabata yonse akulingalira ngati n'kwabwino kutokosa bala limene mwini wake analimanga yekha. Usiku wa Lachisanu anaganiza zosiya. M'mawa wa Loweruka anatchaja foni pa sola mpaka kudzaza, n'kugula bandulo pa golosale ya pa msewu.

Anawapeza bambo ake m'chigafa, atakhala pa kampando, akusoka fodya. Masamba obiriwira anali mulu pambali pawo ndipo zala zawo zinali zakuda ndi utomoni. Anapatsana moni, kufunsana za kusukulu ndi za mvula. Zione anakhala pansi, natola singano ina n'kuyamba kuthandiza.

"Ababa, pa kashelefu kaja patuluka chinthu china."

"Makeke a chiponde aja?"

"Ayi. Ndikufuna mumve, koma mukaona kuti simukufuna, mundiuze ndizimitse."

A Nasoni anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Zione anaika foni pa mulu wa fodya n'kudina. Tambala analira, mphepo inaomba, kenako a Bertha anayamba kuimba m'chigafa muja.

Singano inaima m'manja mwa a Nasoni. Sanayang'ane foni, ankayang'ana kunja, kumene mzere wa fodya unkathera ku dambo. Nyimbo itaduka anadikira, ngati kuti mwina woimbayo akupuma kaye.

"Yathera pomwepo?"

"Eee. Amangolawitsa. Ronald akuyesa kugula yonse."

"Tabwereza."

Zione anabwereza. Anabwerezanso. Ulendo wina a Nasoni anapukuta manja pa buluku, n'kutenga foni ija mosamala ngati dzira, nayang'ana chithunzi.

"Mayi ako ankathamanga poimba," anatero. "Ndinkawauza ine kuti nyimbo iyi ndi ya munthu wodikira, musamaithamangitse ngati mukuthawa mvula. Iwo ankati, inu a Nasoni, mukaimbe nokha ndiye."

Zione anaseka, misozi ili chuchuchu. Bambo akenso anaseka pang'ono, ndipo kenako anayamba kufotokoza, chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka zonsezi. Anati chaka chimenecho kunabwera mayi wina wachizungu, wamtali, wovala nsapato za amuna, atanyamula kabokosi kojambulira mawu ndi maikolofoni yovekedwa ubweya. Abusa ndiwo anamubweretsa. Ankayenda m'mipingo kujambula nyimbo za amayi, akuti za maphunziro ake. Anafuna kujambulira m'tchalitchi, koma malata ankalira ndi dzuwa, choncho anatulukira pansi pa mbawa. A Bertha anali ndi chimfine sabata imeneyo ndipo anatafuna jinja kuyambira m'mawa.

"Anatilonjeza kaseti," anatero a Nasoni. "Mwina anatumiza n'kusochera, mwina anaiwala. Ifenso tinaiwala. Kodi ndiye kuti zaka zonsezi mayi ako akhala akuimbira anthu kunjako?"

"Zikuoneka choncho, ababa."

A Nasoni anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nabwerera ku fodya wawo. Koma Zione akutsanzika madzulo, anamuuza kuti adutsire kwa Mayi Nankhoma akawauze.

Mayi Janet Nankhoma ndiwo anali mnzawo wa pondapo n'pondepo wa a Bertha, ndipo tsopano anali mmodzi wa akuluakulu a Chigwirizano. Nkhani ikafika kwa iwo, ndiye kuti yafika mudzi wonse. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Zione anangoona amayi okalamba asanu akumudikira pansi pa mbawa, ena ndi ndodo zawo. Mwa onse a pa chithunzi chija, otsala anali amenewa. Anthu ena anaima chapatali kuonerera. A Nasoni anakhala pa benchi pafupi ndi khomo la tchalitchi, chipewa chili pa bondo.

Foni inayenda m'manja m'manja. Aliyense ankadzifunafuna, ndipo akadzipeza ankakuwa.

"Ine ndi uyu? Mayo ine, khosi lonseli linapita kuti?"

"Taonani a Nangondo, Mulungu awasunge. Duku lawo nthawi zonse linali lopendama."

"Uyu wakumapetoyu ndi uja anakwatiwa ku Nambuma, eti? Anamwalira chaka cha njala."

Mayi Nankhoma anafunsa chimene chalembedwa pansipo. Zione atamasulira kuti oimba osadziwika, iwo anatukula mutu.

"Osadziwika kwa ndani? Ine ndili pano. Mzungu uja anadya nkhuku yanga tsiku limenelo, ndiye lero ndakhala wosadziwika?"

Onse anaseka, koma Zione anaona kuti mawuwo awapweteka. Analonjeza kuti alembera eni chimbalecho, ndiponso kuti pa bulogu yake aika dzina la mayi aliyense ndi mudzi wake. Kenako anakweza mawu a foni mpaka pamapeto n'kudina nyimbo yoyamba.

A Bertha anaimba mzere woyamba, nayamba wachiwiri, ndipo pa malo omwe aja foni inawadula. Koma ulendo uno nyimbo sinagwe pansi. Mayi Nankhoma anaiwakha m'mwamba momwemo, ndi mawu awo okalamba osasa:

"...mvula ndi yanu, ine changa n'khasu lokha."

Anzawo anayi aja analowa pansi pake, wina ndi mawu okwera, wina otsika, monga ankachitira kale. Amayi achitsikana amene anaima chapatali anasendera n'kuyamba kuvomera. Anaimba mpaka kumapeto, n'kuuza Zione kuti adine yachiwiri. Anatero ndi nyimbo zonse za pa chimbalecho: a Bertha ankayamba, foni inkaduka, amoyo ankamaliza. Pa nyimbo ina anakangana za ndime yachitatu, wina akuti imayamba chonchi, wina akuti ayi, mpaka anatembenukira kwa a Nasoni, amene anaweruza mlanduwo ali pa benchi pomwepo, naimba okha mzere wovutawo ndi mawu a besi amene anthu ambiri pamenepo anali asanawamvepo.

Sabata imeneyo Zione analemba nkhani yaitali kuposa zonse zimene analembapo. Anaika chithunzi chija, ndipo mothandizidwa ndi Mayi Nankhoma anatchula amayi onse, mzere ndi mzere. Analemberanso adiresi imene inali pa chimbalecho. Yankho linachedwa, koma linabwera, kuchokera kwa munthu wina wosunga nyimbo zakale pa sukulu ina yaukachenjede kunja. Anati mayi amene anajambula uja anamwalira, ndipo matepi ake anapezeka m'bokosi popanda mayina a oimba. Anapepesa, napempha chilolezo choti aike mayinawo pa chimbale. Zione anapita nayo nkhaniyo kwa amayi aja, ndipo Mayi Nankhoma anavomera, koma anati dzina lawo alilembe bwino, Janet wokhala ndi t kumapeto.

Nkhaniyo inawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa kale lonse. Mtsikana wina wa ku Mzuzu analemba kuti a Nangondo anali agogo ake, ndipo aka kanali koyamba kuona nkhope yawo. Kashelefu nako kanapitiriza ntchito yake mosadziwa kanthu: pansi pa nkhani yomweyo, pambali pa chimbale chija, kanaika buku lophunzitsa kumanga maduku a pa ukwati.

Ronald anavutika nayo sitolo ija mpaka anachita kupempha mnzake wa kuntchito kuti agule m'malo mwake. Nyimbo zonse zinafika pa foni ya Zione kumayambiriro a Epulo, fodya atauma kale m'chigafa. Iye sanazitsegule. Anadikira Loweruka, kuti akamvere limodzi ndi bambo ake.

Anakhala pa khonde chakumasana, a Nasoni pa mpando wawo wa ndalema, Zione pa mkeka, foni ili m'mbale yachitsulo kuti mawu azimveka kwambiri. Nyimbo yoyamba itafika pa malo odukira paja, onse awiri anagwira mpweya osadziwa, koma a Bertha anapitirira bwinobwino mpaka kumapeto. A Nasoni nthawi zina ankagogoda chala pa mkono wa mpando, mochedwerapo pang'ono kuposa mmene akazi awo ankaimbira. Nkhuku zinkadutsa pabwalo. Munthu wina wa pa njinga anaima pa msewu, kumvetsera, n'kupitirira.

Nyimbo yomaliza itatha, Zione anatambasula dzanja kuti azimitse, koma anaona kuti padakali kanthawi kotsala. Mzungu uja sanazimitse msanga makina ake. Kunamveka amayi akutsokomola, wina akuseka, mwana akuyamba kulira. Kenako, pafupi kwambiri ndi maikolofoni, mawu a a Bertha, osati oimba, koma a tsiku ndi tsiku, aja ankaitanira ana kuti abwere kudzasamba:

"Tatha eti? Tiuzeni ngati tatha, ine ndasiya nyemba pamoto."

Zione anagwira pakamwa. A Nasoni anaweramira kutsogolo, mapewa akugwedezeka, ndipo kwa kanthawi iye sanadziwe ngati bambo ake akulira kapena akuseka. Anali kuchita zonse ziwiri. Anavula magalasi n'kupukuta nkhope ndi chikhatho.

"Zinapserera," anatero. "Nyemba zimenezo zinapsereradi. Ine ndinali pakhomo pano, anandiuza kuti ndiziyang'anira, koma ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso. Tsiku limenelo tinadyera masamba a maungu, ndipo mayi ako sanandilankhule mpaka m'mawa."

Anayang'ana mbale ija.

"Kodi kameneka kangalowe mu foni yangayi, kapena kamafuna zazikuluzo?"

Foni ya a Nasoni inali yaing'ono, ya mabatani, koma inali ndi polowetsa memori khadi. Zione anati zitheka, akagula khadi pa Nsaru Lolemba n'kuikamo nyimbo zonse.

"Zonse uike," anatero bambo ake. "Koma ka nyembako ukaike poyamba, ndisamavutike kukafuna."

Zione anavomera. Kenako anadzuka kukatenga madzi, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo panali fodya woti ayambe kusankha mawa lisanafike.